Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Mafizo Padziko Lonse, Mumzinda wa Mzuzu

 

Ndathokoza pondiitana lero pa 8 Sepitembala, tsiku limene bungwe la akatswiri a mafizo padziko lonse linabadwa mu 1951. Tikamva za mafizo, ambiri timaganiza za gogo wodwala sitiroko kapena wakabaza wothyoka mwendo. Ine ndabwera kudzalankhulira mwana amene vuto lake limabisala m'malaya.

Mukadutsa pabwalo la mpira ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa madzulo, timu ina imavula malaya kuti isiyane ndi inzake. Pamakhala mnyamata wina amene amalolera kukhala panja kusiyana n'kuvula. Akapita ku Nkhata Bay ndi anzake, amasamba ndi malaya. Pakati pa chifuwa chake pali dzenje, ndipo anatopa ndi kusekedwa.

Madokotala amalitchula vutoli kuti pectus excavatum. Mafupa ofewa olumikiza nthiti ku fupa lapakati pa chifuwa amakula mosalongosoka n'kukankhira fupalo m'kati. Limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 300 kapena 400, makamaka anyamata, ndipo nthawi zina limayenda m'magazi. Dzenjelo limazama mwana akamasinkhuka msanga, pa nthawi yotha msinkhu. Palibe anamulodza mwanayu, ndipo mayi ake sanalakwe kanthu ali ndi pakati. Mphini zimangowonjezera zipsera pathupi limene mwini wake akuchita nalo kale manyazi.

Amayi, apa mundimvetsetse. Khanda likamakhosomola, kutentha thupi, kupuma mobanika, m'munsi mwa nthiti n'kumalowa m'kati pokoka mpweya, chimenecho ndi chizindikiro cha chibayo. Nyamulani mwana nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Dzenje limene ndikunenali limakhalapo masiku onse, mwana akusewera bwinobwino.

Ana ambiri a chifuwa chotere safunika opaleshoni. Choyamba ndi kupimidwa, chifukwa dzenje likazama limapanikiza mtima ndi mapapo, mwana n'kumatopa msanga pokwera chitunda. Dokotala amaonanso ngati msana sunapindike, komanso ngati palibe matenda a Marfan, amene amafooketsa mtsempha waukulu wa mtima.

Chachiwiri ndi mafizo. Ndinene zoona: masewera olimbitsa thupi sakweza fupa lolowa. Koma mwana wotere amazolowera kuwerama pobisa chifuwa, ndipo kuweramako kumazamitsa maonekedwe a dzenje. Mafizo amalimbitsa msana ndi mapewa, amaphunzitsa kupuma modzaza mapapo, ndipo mwana amayamba kuyenda ataimika mutu.

Chachitatu ndi chipangizo chotchedwa vacuum bell. Anachipanga ndi Eckart Klobe, injiniya wa ku Germany amene naye anali ndi chifuwa chotere. Agogo athu akuidziwa nyanga yolumikira. Chipangizochi chimakokanso ndi mpweya, koma popanda kucheka kapena kutulutsa magazi. Amachivundikira padzenje, n'kupopa ndi dzanja, fupa n'kumakwera. Amayamba ndi mphindi 30 kawiri patsiku, n'kumawonjezera, kwa chaka kapena kupitirira. Chimathandiza kwambiri ana osapitirira zaka 11 kapena 12 amene dzenje lawo ndi losazama, pakuti kuwongola mtengo mpoyamba. Koma musakatenge kapu kapena mbale kunyumba n'kumayeserera. Mwana wa mafupa osalimba, wa magazi osaundana msanga kapena wa vuto la mtima angathe kuvulala, n'chifukwa chake chimafuna dokotala.

Dzenje likakhala lozama kwambiri, opaleshoni ilipo. Njira yotchuka, yolowetsa chitsulo kuseri kwa fupa, anaiyambitsa mu 1987 ndi Donald Nuss, dokotala wobadwira ku South Africa.

Kuwongola fupa la mwana popanda opaleshoni yaikulu si nkhani yachilendo kwathu kuno. Ana ambiri obadwa ndi mapazi opindika akuthamanga lero chifukwa cha njira ya Ponseti, yomanga chikhakha sabata ndi sabata. Chinsinsi chake chinali kubwera msanga ndi kusatopa kwa makolo. Pachifuwanso ndi chimodzimodzi.

Tsono ndili ndi mapempho. Ku Unduna wa Zaumoyo ndi abwenzi athu: chipangizo cha vacuum bell chija n'chochokera kunja, mtengo wake kholo la ku Zolozolo silingaufikire. Chipatala chathu Chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000, chimalandira odwala kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Likoma ndi maboma ena onse a kumpoto. Chipatseni zipangizo ndi akatswiri okwanira ochokera ku Kamuzu University of Health Sciences. Alangizi a zaumoyo, kusikelo muzimuvula mwana malaya n'kuyang'ana chifuwa. Aphunzitsi, letsani kunyozana m'kalasi. Mafumu ndi abusa, mawu anu amafika kumene dokotala safika. Uzani anthu kuti mwanayu abwere kuchipatala.

Ndipo iwe mwana wanga amene wakhala kumbuyo uko utamanga mabatani mpaka m'khosi, wandimva. Akatswiri ali pompano lero. Bwera ndi makolo ako akuone.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.