Madzi ndi feteleza pa mtengo wa mapeyala

Lero tikambirana za mtengo womwe uli pakhomo pa ambiri kuno ku Area 36. Peyala limaphuka maluwa ochuluka mu Ogasiti ndi Seputembala, koma pofika Novembala tizipatso tambiri tagwa. Ena timati ndi mphepo, ena timati mtengowo ndi wamphongo. Kawirikawiri vuto limakhala pansi, pamizu.

Mizu ya peyala yomwe imamwa madzi ndi kutenga chakudya siyipita pansi kwambiri. Yambiri ili m'dothi lapamwamba, osapitirira kutalika kwa mkono wanu, ndipo imafuna mpweya. Dothi likauma, imavutika msanga. Likadzadza madzi kwa masiku awiri kapena atatu, imayamba kuola. Nthenda yoola mizu imakonda malo onyowa chotero: masamba amasanduka achikasu, amafota ngati mtengo uli ndi ludzu, mwini wake n'kuonjezera madzi, osadziwa kuti akuumaliza. Choncho musanabzale, kumbani dzenje ndi kuthiramo madzi. Mukawapeza m'mawa mwake asanaphwe, bzalani pamchumbi, osati m'dzenjemo. Katondo wathu wa ku Lilongwe akapondedwapondedwa pabwalo amalimba ngati njerwa.

Kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Maluwa ndi tizipatso tanthete zimabwera nthawi yowuma ndi yotentha, pamene mtengo ukufunitsitsa madzi. Kamtengo ka chaka chimodzi kapatseni ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata m'chilimwe. Mtengo waukulu umafuna ndowa zingapo, koma muzithira pang'onopang'ono kuti alowe pansi. Kuwaza pang'ono tsiku lililonse kumangonyowetsa fumbi. Musanathire, pisani dzanja m'dothi ndi kufinya. Likagwirana, dikirani. Likamwazika, thirirani.

Ndikudziwa kuti madzi a pampopi ngogula, n'chifukwa chake ambiri amakhuthulira pamtengo madzi ochapira. Apa chenjerani. Sopo waufa ali ndi mchere, ndipo peyala ndi umodzi mwa mitengo yodana kwambiri ndi mchere. Mukaona nsonga za masamba zapsa, zasanduka zofiirira, ganizirani zimenezi. Madzi otsukuluzira omaliza kapena otsukira ndiwo zamasamba alibe vuto lalikulu, koma a thovu lambiri akatayeni kwina.

Tsopano feteleza. Madzi ndiwo amanyamula chakudya kupita kumizu, ndiye ziwirizi sizisiyana. Urea ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 aliyense. Mukamuwaza pamwamba padothi lotentha osakwirira, gawo lina limathawa ngati mpweya. Mukamuthira wambiri nthawi imodzi kenako n'kugwa chimvula, amatsika pansi pomwe mizu siyifika. Ndalama yapita uku ndi uku. Gawani feteleza wanu katatu kapena kanayi pa chaka, thirani padothi lachinyontho, kwirirani pang'ono, thirirani mwachikatikati. Ndipo musaunjike patsinde. Mizu yodya ili molingana ndi pomwe nthambi zathera, pomwe madontho a mvula amagwera kuchoka m'masamba. Kamtengo kongobzalidwa kumene musakathire feteleza wam'thumba mpaka katulutse masamba atsopano, kuopa kuotcha mizu.

Nayitirojeni akachuluka, mtengo umasangalala, masamba obiriwira bii, koma zipatso zochepa. Ambiri amene amathira Urea wotsala kuchimanga amapeza mthunzi wabwino basi.

Fosifolasi ndi wosiyana. Iye sayenda m'dothi, ndipo katondo amamugwira, choncho amagwira bwino ntchito akasakanizidwa ndi dothi ndi manyowa pobzala. Potaziyamu amachoka ndi zipatso: dengu lililonse lopita kumsika latenga gawo lake. Feteleza wakale wa chitowe, 23:21:0+4S, analibe potaziyamu ngakhale pang'ono, onani ziro ali pakatiyo. Wa masiku ano, 23:10:5+6S+1.0Zn, ali naye pang'ono, komanso zinki, yemwe akasowa masamba amakhala ang'onoang'ono amawangamawanga. Phulusa la nkhuni limathandiza pa potaziyamu, koma dzanja limodzi kapena awiri omwaza bwino, osati kusandutsa mtengo dzala.

Ine ndimaika manyowa patsogolo pa zonsezi. Kompositi kapena zitosi za nkhuku zoola bwino zimafewetsa katondo, zimasunga chinyontho ndi kugwira chakudya kuti chisakokoloke. Zitosi zaziwisi zimaotcha. Ndipo amayi, ndikupempheni: tsache lisamafike pansi pa peyala. Masamba ogwa aja ndi bulangete la mizu. Onjezerani udzu kapena mapesi, kusiya mpata wa chikhato kuzungulira tsinde kuti khungwa lisaole.

Pamunda wathu wophunzirira tisankha timitengo titatu tofanana msinkhu ndi mtundu. Koyamba kalandira madzi okha. Kachiwiri madzi, manyowa ndi kuphimbira. Kachitatu zonsezi ndi feteleza wogawa. Gulu lililonse lizibwera ndi chingwe ndi kope: sabata ziwiri zilizonse tiziyeza kutalika ndi kunenepa kwa tsinde, tiziona mtundu wa masamba, ndi kulemba masiku amene dothi latenga kuti liume.