Mmisiri Azidziwa Chifukwa Chake: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano Wapachaka

Awa ndi mawu amene mnzathu wa kwa Kabudula, yemwe amaphunzitsa amisiri oyendetsa mafakitale a gasi kunja kwa dziko lino, adalankhula pa msonkhano wathu wapachaka. Tawasindikiza monga momwe adawalankhulira kuti anzathu amene sadathe kufika amve nawo.



Kalata ya komiti itandipeza yondipempha kuti ndidzafotokoze za ntchito yanga, ndidayamba ndaseka. Kumudzi kwathu amayi anga amauza anzawo kuti mwana wawo amatcheza kachasu kwa Aluya. Ndidayesa kangapo kuwawongolera, koma tsopano ndidaleka, chifukwa nditaganiza bwino ndidaona kuti mayi sadaphonye kwenikweni. Abusa amene muli muno mundikhululukire, pakuti kachasuyo ndimutchula kangapo lero lino.

Ambiri mwa inu mukukumbukira kuti ine ku yunivesite sindidasankhidwe. Zotsatira za MSCE zitatuluka ndidakhala miyezi ingapo osaonekera pamsika wa Nsaru chifukwa cha manyazi. Amalume ndiwo adandikoka dzanja kukandisiya ku sukulu ya ntchito zamanja, kumene ndidaphunzira zokonza makina. Kuchokera apo ndidapita ku Joni, ndipo patapita zaka ndidalembedwa ntchito pa fakitale ina ya gasi m'dziko lina la Aluya. Ndidayamba ngati woyendera mipope usiku, kenaka woyang'anira makina m'chipinda cha makompyuta, ndipo lero ntchito yanga ndi yophunzitsa anyamata ndi atsikana amene akubwera pambuyo pathu.

Tsono ndiyambe ndi gasiyo. Gasi akamatuluka pansi pa nthaka sakhala wamtundu umodzi ayi. Wochuluka ndi wotchedwa methane, koma mosakanizika ndi iye mumakhalanso ethane, propane, butane, mafuta ena opepuka onga petulo amene timawatcha condensate, kudzanso madzi. Ntchito ya fakitale yathu ndi kulekanitsa zimenezi. Gasi wophikira amene ena mwa inu mumagula m'masilinda mu mzinda wa Lilongwe ndi propane ndi butane. Mukaigwedeza silindayo mumamva kuti m'katimo mukukhuvuka zinthu ngati madzi. Zamadzimadzi zimenezo ndizo timatcheza ife.

Nanga timazitulutsa bwanji? Kumbukirani mame a m'dambo la Namitete m'mwezi wa Juni. Masana mpweya umaoneka wouma, koma usiku kukazizira chinyontho chimene chidabisala mumpweyamo chimasanduka madontho paudzu. Gasi nayenso ndi chimodzimodzi: mtundu uliwonse uli ndi malire ake a kuzizira pamene umasanduka madzimadzi. Butane amasanduka pafupi ndi ziro, pamene madzi amaundana. Propane amafuna madigiri 42 kunsi kwa ziro, ethane madigiri 89, ndipo methane ndiye wouma mutu, sagonja mpaka madigiri 162 kunsi kwa ziro. Motero tikaziziritsa gasi wosakanizika uja mokwanira, olemerawo amagwa ngati mame, methane n'kupitirira yekha ulendo wake mumpope.

Koma tisanaziziritse timayamba tachotsamo madzi onse. Tikapanda kutero madziwo amagwirana ndi gasi n'kupanga zibuma zonga ayezi zimene zimatseka mipope. Kuziziritsako kuli ndi njira zingapo. Ina ndi ya firiji yaikulu yoyendera propane yemweyo. Ina ndi yomumasula gasi wopanikizika kuti afufume mwadzidzidzi. Amene mudaphwetsapo tayala la njinga mukudziwa kuti mpweya wotuluka pavalavu umazizira pachala. Pali makina otchedwa turbo-expander amene gasi akamafufuma amazunguza chimpeni chake mwaliwiro, ndipo potuluka amakhala atazizira mpaka madigiri 90 kapena 100 kunsi kwa ziro. Zamadzimadzi zikapezeka timazilowetsa m'nsanja zazitali zachitsulo, zotentha kunsi ndi zozizirirapo kumwamba. M'nsanja iliyonse wopepuka amakwera ngati nthunzi, wolemera n'kutsalira pansi kudikira nsanja yotsatira. Apa ndiye pali kachasu wa amayi anga: moto kunsi kwa mtsuko, nthunzi kudutsa mumpope wozizira, madontho kugwera m'botolo.

Musaganize kuti zimenezi ndi za kutali kwambiri. Dziko lathu lilibe fakitale yotere, ndipo gasi wophikira timachita kuitanitsa kunja. Koma kwa anansi athu ku Mozambique, m'chigawo cha Inhambane, gasi adayamba kukonzedwa pa fakitale ya ku Temane m'chaka cha 2004, n'kumatumizidwa pa mpope wa makilomita 865 mpaka ku Secunda m'dziko la South Africa. Komweko, m'boma la Inhassoro, kampani ya Sasol idamanganso fakitale yoti izitulutsa matani 30,000 a gasi wophikira pachaka. Ndipo tonse tikuona matumba a makala akutsika pa njinga kuchokera ku Dzalanyama tsiku ndi tsiku. Nkhalango imeneyo ndiyo gwero la mtsinje wa Lilongwe. Ngati tifuna kuti itsale, mabanja ambiri adzayenera kuphikira china chake, ndipo gasi ndi chimodzi mwa izo. Pamenepo padzafunika amisiri a m'madepoti, odzaza masilinda ndi okonza mipope, amene akumudziwa bwino gasi.

Ndafika tsopano pa mfundo imene ndabwerera. Kodi mmisiri wotere timamuphunzitsa bwanji?

Miyezi yoyamba sitimulola kukhudza valavu ngakhale imodzi. Timamupatsa chojambula cha fakitale, n'kumuuza kuti atsate mpope uliwonse ndi mapazi ake, kuchokera polowera gasi mpaka potulukira, akwere makwerero, agwade pansi pa matanki, mpaka atatha kujambula njira yonseyo pamtima. Kenaka amayenda pambuyo pa mmisiri wamkulu, kuphunzira kuwerenga mageji, kumvetsera kulira kwa pampu, ndi kulemba m'buku zonse zimene waona. Amaphunzira kuti palibe amene amamasula chitsulo popanda chikalata cha chilolezo, ndi kuti makina amene akukonzedwa amatsekedwa ndi loko, kiyi wake n'kukhala m'thumba mwa wokonzayo. Pambuyo pake timamukhazika pa kompyuta yoyerekezera fakitale yeniyeni, pomwe ine ndimakhala kuseri n'kumamuonongera zinthu dala: kuzimitsa pampu, kukanikiza valavu, kunamiza geji. Asanapatsidwe mpando woyang'anira makina payekha pamapita zaka.

Pa zonsezi chovuta kwambiri kuphunzitsa si kutsegula ndi kutseka ayi. Chovuta ndi kumufikitsa munthu poti azidziwa chifukwa chake. Ndikupatsani chitsanzo cha zimene zidachitikadi.

Pa 25 Sepitembala 1998, pa fakitale ya gasi ya kampani ya Esso ku Longford m'dziko la Australia, pampu yoyendetsa mafuta otentha idaima. Fakitale imeneyo inkagwiritsa ntchito mafutawo poyamwa zamadzimadzi m'gasi ndi potenthetsa zitsulo zina. Mafuta otentha ataleka kuyenda, zozizira zidapitirira kudutsa, ndipo chitanki china chimene chinkakhala chotentha chidazizira mpaka madigiri 48 kunsi kwa ziro, ayezi n'kuoneka kunja kwake. Patapita maola angapo amisiri adailiza pampu ija, mafuta otentha n'kulowa m'chitanki chozizira. Chitsulo wamba chikazizira motero chimasanduka chophweka ngati galasi. Amene mudathirapo madzi owira m'tambula yagalasi m'mawa wa Julaye mukudziwa chimene chidatsatira. Chitankicho chidang'ambika, gasi adatuluka n'kuyaka, anthu 2 adafa ndipo 8 adavulala. Chigawo chonse cha Victoria, kuphatikizapo mzinda wa Melbourne, chidakhala pafupifupi masabata awiri chopanda gasi.

Kampani idafuna kuloza chala mmisiri amene adali pa ntchito. Koma bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa, motsogozedwa ndi Sir Daryl Dawson, lidapeza m'chaka cha 1999 kuti amisiriwo ndi akapitawo awo sadaphunzitsidwe za kuopsa kwa chitsulo chozizira mafuta otentha akaleka kuyenda. Ayeziyo adamuona ndi maso awo, koma sadadziwe chimene ankatanthauza. Sadali aulesi, sadali zidakwa. Adali anthu ogwira ntchito molimbika amene sadauzidwe chifukwa chake.

Nkhani imeneyi ndimaibisa kwa ophunzira anga mpaka nditawayesa pa kompyuta ija. Chaka china ndidali ndi mnyamata wanzeru zedi, amene mayeso onse olemba ankakhoza kuposa anzake. Buku la malamulo adaliloweza ngati katekisimu. Nditamuzimitsira pampu ya mafuta otentha, iye adachita changu kuikonza ndi kuiliza, n'kutembenuka kundiyang'ana akumwetulira. Ndidamuuza kuti, “Mwana wanga, wapha anzako amene ali panja.” Adanditsutsa nati adatsata ndondomeko yonse yolizira pampu, ndipo zidali zoona. Koma ndondomekoyo idalembedwera tsiku limene zonse zili bwino. Geji yoonetsa kuzizira idali pamaso pake nthawi yonseyo, iye osaifunsa kanthu. M'gulu lomwelo mudali mtsikana wina amene m'kalasi ankatitopetsa ndi mafunso. Iyeyo atafika pamenepo adachotsa manja pa makina, nati sakumvetsa chifukwa chimene chitankicho chazizirira, ndipo saliza chilichonse mpaka atafunsa injiniya. Ameneyo ndiye adakhoza. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.

Inenso phulalo ndidadyako. Onani chala ichi. Ndili wophunzira, ndidatumidwa kukatunga propane pang'ono woti akamuyese. Magolovesi ndidawaiwala, ndipo ndidachita manyazi kubwerera kukawatenga poopa kuti anzanga andiseka kuti ndine wamantha. Madontho ochepa okha adandigwera, ndipo adanditentha ngati khala lamoto, chikhalirecho ndi kuzizira. Propane akamasanduka mpweya amalanda kutentha kwa chilichonse chimene wachikhudza. Zimenezi tidaziphunzira muno mu Fomu 3, koma ine ndidaziloweza kuti ndikhozere mayeso, osati kuti zidzanditeteze.

Chinthu chachiwiri chimene timalimbikira ndicho kupatsirana ntchito posinthana shifiti. Pa 6 Julaye 1988, pa nsanja yokumbira mafuta ya Piper Alpha m'nyanja ya North Sea, amisiri a masana adachotsa valavu yoteteza pa pampu ina ya condensate kuti akaikonze. A usiku sadadziwe zimenezi. Pampu inzake itaima, iwo adaliza yomasulidwa ija, condensate adatuluka n'kuphulika, ndipo anthu 167 adafa usiku umodzi. N'chifukwa chake wophunzira wanga akalemba m'buku mosamveka, ndimamubweza kuti alembenso, ngakhale basi yopita kunyumba imusiye. A Mphunzitsi athu a Chingerezi ndi Chichewa, amene munkatibwezera zimangirizo zathu ndi inki yofiira, dziwani kuti ntchito yanu ikupulumutsa miyoyo kumene inu simudafikeko.

Popeza ena muli ndi masilinda kunyumba, ndikusiyireniko pang'ono. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho akamadontha amakhuthukira pansi n'kudikira moto. Fungo lake loipa lija amachita kuthiramo dala kuti muzimumva. Mukalimva, tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo musakhudze switchi yamagetsi kapena machesi. Pofufuza podontha gwiritsani ntchito thovu la sopo. Silinda izikhala choimirira, ndipo wodzaza asamaidzaze mpaka pakamwa, chifukwa zamadzimadzi zija zimafufuma kukatentha.

Bambo Wapampando, ndimalize ndi mapempho awiri. M'mawa uno ndidalowa mu labotale ya sukulu yathu. Matebulo ndi omwe aja tidalembapo maina athu ndi kampasi, koma zoyesera kutentha zatsala zowerengeka, ndipo ana adandiuza kuti zambiri za sayansi amangozikopera pabolodi. Mwana wotere adzakhoza mayeso monga ndidakhozera ine, koma adzakhala ngati mnyamata wanga uja womwetulira. Pempho langa loyamba ndi lakuti chopereka chathu cha chaka chino chipite ku labotale. Ine ndikulonjeza pamaso panu kugula silinda ya gasi, mipope yake ndi zoyesera kutentha, ndipo ndikabwera ku tchuthi ndidzakhala masiku awiri ndi a Fomu 3 ndi Fomu 4, ngati a Mphunzitsi Wamkulu andilola. Koma mutu umodzi susenza denga. Zotsalazo ndikusiyira inu.

Pempho lachiwiri ndi la kwa ife makolo. Mwana akapanda kusankhidwa ku yunivesite tisamamuyang'ane ngati maliro. Namitete Technical College ili pakhomo pathu pomwepa, ndipo kuyambira m'chaka cha 1999 dziko lino lili ndi bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Injiniya amajambula fakitale, koma pakati pa usiku alamu ikalira, amene amakhala pamenepo ndi mmisiri. Ndikupempha komiti iganizire zolipirira mwana mmodzi kapena awiri chaka chilichonse ku sukulu zoterezi, atsikana asaiwalidwe.

Ndipo mwana wanu akamakutopetsani ndi funso lakuti “chifukwa chiyani,” musamukalipire. Mumuyankhe, ndipo ngati yankho mulibe, mukafunse naye limodzi kwa aphunzitsi.

 Mulungu adalitse sukulu yathu.