NYUMBA ZA MOWA ZA M'MAKWALALA A BARCELONA

Omvera ambiri amadziwa dzina la Barcelona cifukwa ca mpira. Koma mzinda umenewu, umene uli m'dziko la Spain m'mphepete mwa Nyanja ya Mediterranean, unakula ndi thukuta la anthu a nchito: asodzi, onyamula katundu pa doko, oomba nsaru ndi osula zitsulo. Lero muli anthu oposa 1,600,000. Mlendo wofuna kudziwa makhalidwe a eni mzindawo sangawaone m'mahotela akuruakuru ai. Ayenera kulowa m'tinyumba ta mowa tobisika m'makwalala opapatiza. Nkhani ya lero ikamba za titatu ta ito.

Yoyamba iri ku Barceloneta, dera la asodzi limene linayamba kumangidwa m'caka ca 1753 pafupi ndi doko. Anthu atacuruka, nyumba za kumeneko zinagawidwa, kotero kuti banja lathunthu linali kukhala m'malo a masikweya mita ngati 30 okha. Munthu wokhala mopanikizana cotero alibe polandirira mnzace. Cifukwa cace nyumba ya mowa inasanduka bwalo la mudzi. Kumeneko kuli La Cova Fumada, ndiko kunena kuti Phanga la Utsi, imene inatsegulidwa m'caka ca 1944, ndipo iri m'manja mwa banja limodzimodzilo kufikira lero. Codabwitsa ncakuti pakhomo pace palibe cikwangwani ca dzina. Wosadziwa amapitirira, wodziwa amatsata pfungo la nsomba zokazinga. Cakudya cochuka m'menemo ndi bomba, mpira wa mbatata ya kacewere yosinja, wokhala ndi nyama m'kati, wokazinga m'mafuta ndi kuuthira msuzi wa adyo ndi tsabola. Ambiri amanena kuti cakudyaci cinayambira m'nyumba yomweyo.

Yaciwiri iri ku Poble Sec, dera lina la anthu a nchito, patsinde pa phiri la Montjuïc. Kumeneko kukali macumuni atatu atali a nyumba yakale yopangira magetsi. M'caka ca 1919 anchito a kampani ya magetsiyo, imene anthu anali kuicha La Canadenca, anayamba sitalaka imene inatha masiku 44, ndipo anchito ena ambiri anagwirizana nao. Pambuyo pace boma la Spain linalamula kuti nchito ya tsiku limodzi ikhale ya maora 8. M'dera lomwelo muli Quimet & Quimet, imene inayamba kugulitsa vinyo m'caka ca 1914. M'menemo mulibe mipando ya alendo. Onse amamwa ciriri, phewa kukhudzana ndi phewa. Makoma ace adzala ndi mabotolo kufikira kudenga. Zakudya zace zambiri ndi za m'zitini: nsomba, nkhono za m'nyanja ndi ndiwo zamasamba, zimene mwini amasanjika mwaluso pa kacidutswa ka buledi wogula ali kupenya.

Yacitatu ndiyo yakale koposa. Bar Marsella iri ku El Raval, mu mseu wa Sant Pau, ndipo imawerengedwa kuti inayamba m'caka ca 1820. Utoto wa kudenga unasupuka, magalasi a pakhoma anacita dzimbiri, ndipo mabotolo a pamwamba akutidwa ndi pfumbi la zaka zambiri. Eni ace amazisiya cotero dala, pakuti ndiwo ulemerero wa nyumbayo. Cakumwa cace ndi absinthe, mowa wobiriwira wocezedwa ndi zitsamba zowawa, waukali ngati kacasu kapena kuposa. Wogula amalandira tambula, foloko, kamtanda ka shuga ndi botolo la madzi. Amaika shuga pa foloko pamwamba pa tambula, nadontheza madzi pang'onopang'ono kufikira shuga atasungunuka. Dziko la France linaletsa mowa umenewu m'caka ca 1915, koma ku Spain sunaletsedwe. Wanzeru amalekeza pa tambula imodzi.

Ndipo kamwedwe ka kumeneko kali ndi mwambo wace. Mowa umatsagana ndi cakudya, ndipo tambula zace ndi zazing'ono. Pa Sabata, nthawi ya cakudya ca masana isanakwane, mabanja amaturuka pamodzi, agogo ndi adzukulu omwe, kukamwa vermut, ndiye vinyo wosakaniza ndi zitsamba. Amatsitsira ndi zipatso za azitona ndi tinsomba ta mcere tofanana ndi kapenta. Atatha amabwerera kwao kukadya.

Koma nyumba zimenezi ziri pa bvuto. Kuyambira pa masewera a Olympics a 1992, alendo ofika m'Barcelona caka ndi caka amawerengedwa m'mamiliyoni, ndipo lendi yakwera kwambiri. Pa kutha kwa caka ca 2014 linatha lamulo limene linali kuchinjiriza masitolo akale kuti lendi yao isakwezedwe, ndipo ambiri anatsekedwa. Bar Marsella yomwe inatsala pang'ono kufa m'caka ca 2013, pamene mwini nyumba sanafune kupitiriza pangano la lendi. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo akuru a mzinda anagula nyumba yonseyo ndi ndalama zoposa mayuro 1,000,000. Bvuto lina ndi lakuti nyumba zogona za anthu wamba zasanduka zogonamo alendo, ndipo amphawi alikusamukira kutali. M'caka ca 2024 meya Jaume Collboni analengeza kuti zilolezo za nyumba zotere ngati 10,000 zidzatha pofika 2028. Pakuti eni dera akacoka, nyumba ya mowa imatsala makoma okha, ngakhale idzale ndi alendo usiku uli wonse.

Cotero wopita kumeneko apite ngati wolowa m'nyumba ya eni. Apereke moni, ayembekeze nthawi yace pa mzere, asakuwe m'khwalala usiku pakuti pamwamba pali anthu ogona amene alawirira ku nchito m'mawa, ndipo akatha kudya apatse malo mnzace woima pakhomo. Akuru anati mlendo ndi mame. Iye adzakwera ndeke kubwerera kwao, koma msodzi wokalamba wa ku Barceloneta adzafunanso malo ace pa thebulo mawa lace.