Nkhani zili pakhomo panu pomwepo
(Zomwe mlendo wathu anayankhula pa msonkhano wa kalabu)

Ndiyambe ndi funso lomwe mmodzi wa inu wandifunsa panja paja: "Kodi pa Mtakataka pano pali chiyani choti munthu n'kulemba?"

Zilipo zambiri, ndipo zina munazisiya kunyumba m'mawa uno.

Taonani malemu Steve Chimombo. Anabadwira ku Zomba mu 1945, komwe phiri likagumuka madzi n'kukokolola nyumba, anthu amati wadutsa Napolo. Mwana wa ku Zomba amamva zimenezi kwa makolo asanayambe n'komwe sukulu. Mkuluyu anakaphunzira mpaka ku Britain ndi ku America, koma buku lake la ndakatulo la mu 1987 analitcha Napolo Poems. Nayenso William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, ambiri timangomudziwira makina a mphepo aja. Koma mukawerenga buku lake la mu 2009, pomwe pamagwira mtima ndi pa njala ya 2001 ndi 2002, banja likudya kamodzi patsiku, bambo ake atalephera kumulipirira fizi.

Nanga ifeyo? Mvula ikagwa kumapiri a Dedza, madzi amatsikira kwa ife kuno. Mukawafunse agogo chaka chomwe anagona pachulu. Mukamvetsere mmene amayi amanenerera mtengo wa usipa.

Koma ndikuchenjezeni, chifukwa ine zinandionekera. Nkhani yanga yoyamba inali ya bambo wina amene anamwera ndalama zonse za mpunga. Dzina ndinasintha, mudzi ndinasintha, koma njinga yake yopanda mabuleki ija ndinaisiya momwemo. Mng'ono wanga akuwerenga mokweza pakhonde, amayi anangoti, "Amenewatu ndi atsibweni ako." Sabata yathunthu nsima ankangondiikira osanena kanthu. Chinawawawa si bodza ayi, nkhaniyo inali yoona. Chinawawawa n'choti mlongo wawo ndinamulemba ngati chidakwa basi, pamene munthu yemweyo ndi amene anandigulira yunifolomu yanga yoyamba. Nditailembanso, yunifolomu ija ndinaiikamo, ndipo nkhaniyo inakoma kuposa poyamba.

Ndiye musanaponye pa Facebook nkhani yokhudza abale anu, kawawerengereni eni akewo kaye. Mwina akwiya, mwinanso akuuzani zomwe simunkazidziwa.

Loweruka likudzali aliyense abwere ndi tsamba limodzi la nkhani yomwe anaimva kwawo, ndipo atiuze kuti mwini nkhaniyo anati chiyani atamuwerengera.