MCHENGA M'CHINGEREZI

Mwamaliza sukulu ya kwacha, ndipo tsopano Chicheŵa mukuŵerenga bwino. Koma mukapita pa Chitakale kapena pa Limbuli mumakumana ndi mapepala a Chingerezi. Musachite nawo mantha. Lero tiphunzira liwu limodzi lokha. Liwu lake ndi ili: sand.

Ŵerengani zilembo zake: s, a, n, d. Zilipo zinayi. Tanthauzo lake ndi mchenga. Ife timalitchula kuti "sandi", popeza mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u. Koma polemba m'Chingerezi, i wa kumapetoyo palibe.

Mchenga, ife a kuno ku Mulanje, si wachilendo. Miyala ya m'phiri imafumbutuka pang'onopang'ono ndi mvula ndi dzuŵa, ndipo madzi a Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila amatsika nato timiyalato. Nanga liwuli mudzalipeza pati?

Choyamba, pomanga nyumba. Mmisiri akamakulemberani zofunika kugula, kaŵirikaŵiri amalemba m'Chingerezi. Akalemba river sand, ndiye kuti mchenga wa kumtsinje. Umenewu ndi wokhakhala, wopanda matope, ndipo ndiwo woyenera konkire. Akalemba dambo sand, ndiye kuti mchenga wa kudambo. Umenewu ndi wosalala, wabwino pomangira njerwa ndi popaka pulasitala. Mitundu iŵiriyi ntchito zake n'zosiyana. Munthu wosaŵerenga angathe kulipira mchenga wa kumtsinje, lole n'kumutsitsira wamatope. Simenti yake yapita pachabe, pansi pa nyumba payamba ming'alu chaka chisanathe. Inu muziŵerenga pepala musanapereke ndalama.

Mukakayika, uyeseni. Thirani mchenga m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, kenaka likhazikeni pansi. Mchenga umatsika msanga, matope amadikha pamwamba pake. Matope akachuluka, ukaneni mchengawo.

Mudzaonanso manambala aŵa: 1:2:4. Akutanthauza ndowa imodzi ya simenti, ziŵiri za mchenga, zinayi za miyala. Nambala ya pakatiyo ndiyo ya sand. Mukadziŵa zimenezi, palibe wokupusitsani.

Chachiŵiri, kwa kalipentala. Nonse mukuidziŵa sandipepa yosalazira matabwa. Dzinali ndi mawu aŵiri olumikiza: sand, mchenga, ndi paper, pepala. Kale ankamata mchenga papepala, dzina n'kukhala lomwelo. Mwaona? Chingerezi mwakhala mukuchiyankhula kale osadziŵa!

Chachitatu, kumunda. Alangizi akati sandy soil, akunena dothi lamchenga. Onani y amene waonjezedwa kumapeto. Ameneyo ndiye akuti "lamchenga". Dothi lotere silisunga madzi, ndipo feteleza amakokoloka msanga. Chinangwa, mbatata ndi mtedza zimapirira m'dothi lotere, koma chimanga chimafuna kuti muthiremo manyowa ambiri.

Chachinayi ndi chomvetsa chisoni. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa. Madzi anatsika m'phiri ndi miyala ndi matope, anthu ambiri anatisiya, ndipo minda ina inakwiririka ndi mchenga. Pa mapepala onena za madzi osefukira mungapeze liwu lakuti sandbags. Ameneŵa ndi matumba odzaza mchenga, amene amasanjidwa kuti atchinge madzi. Mchenga umene uwononga munda ndi womwewo umene utchinjiriza khomo. Ndipo tikamakumba mchenga wogulitsa, tisagumule gombe la mtsinje, chifukwa gombe likagumuka madzi amapeza njira yoloŵera m'minda mwathu.

Tsopano chenjezo. Tulutsani ndalama ya pepala ya K1,000 kapena K2,000, muiyang'anitsitse. Mwaona liwu lakuti thousand? Kumapeto kwake kuli s, a, n, d. Kodi m'ndalamamo muli mchenga? Iyayi! Liwu limeneli likutanthauza chikwi. Ngakhale m'Chicheŵa chathu, liwu lakuti kusanduka lili ndi zilembo zinayi zomwezo, koma mchenga mulibemo. Choncho musathamangire zilembo zimene mwazizindikira. Ŵerengani liwu lonse, kuyambira poyamba mpaka pothera, makamaka pa pepala lofuna siginecha yanu.

Ntchito ya sabata ino nayi. Lembani sand kasanu m'kope mwanu. Mukatero, lifunefuneni pa zikwangwani, pa malisiti ndi pa mapepala a alangizi. Mukalipeza, funsani: kodi apa akunena mchenga, kapena zilembo zangofanana? Tikadzakumananso mudzatiuze kumene munalipeza.