Boti Limene Linagona Zaka Zinai Pansi pa Mtengo

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za boti. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, nimuti, "Kodi munthu wa ku Chipata adziwanji za maboti? Si kwao kuli Lunkhwakwa, kamtsinje koti mwana aoloka osabvula kabudula?" Mwanena zoona. Koma tsikani ndi mseu wa ku Mfuwe makilomita oposa 100, mudzafika pa Luangwa. Kumeneko m'nyengo ya dzinja mtsinje usefukira, njira za m'cigwa zimira, ndipo munthu wokhala ndi boti afunidwa ndi mudzi wonse.

Alamu anga anagwira nchito pansi pa mgodi ku Mufulira zaka zambiri. Atapuma, anabwerera kwao ndi ndalama zao za penshoni, namva kuti pa msasa wina wa alendo m'cigwa ca Luangwa pali boti logulitsa. Anaganiza kuti adzaolotsa nalo anthu, matumba a ufa ndi odwala opita ku cipatala. Mwini wace anawauza kuti, "Injini iri bwino, yangopumula zaka zinai." Alamu analipira theka la mtengo tsiku lomwelo, ndipo pambuyo pace ndi pamene anakumbukira kuti ali ndi mlamu makanika ku Chipata.

Boti limeneli ndi la mtundu wochedwa jeti. Maboti ambiri amene munaona pa Kafue kapena pa Kariba ali ndi pulopela, mapiko acitsulo ozungulira m'madzi kumbuyo. La jeti liribe kanthu kolendewera kunsi. Limwa madzi pa cibowo ca pansi pace, cimene ciri ndi sefa ya zitsulo. M'kati muli mpope wokhala ndi mapiko, umene ulabvula madziwo mwamphamvu pa mlomo wa kumbuyo, ndipo boti lithamangira kutsogolo. Amene anakonza bwino nzeru imeneyi ndi Bill Hamilton, mlimi wa nkhosa wa ku New Zealand, m'caka ca 1954, cifukwa mitsinje ya kwao njosazama ndi yodzala miyala, ndipo pulopela inali kuthyoka. Mu 1960 maboti a mtundu wace anakwera mtsinje wa Colorado ku America, kupyola mathithi a Grand Canyon. Tsono muona cifukwa cace alamu anga analikonda: Luangwa ndi mtsinje wa mcenga, lero pozama mawa posazama.

Nditafika, ndinapeza alamu ali thukuta kamukamu, atabwereka batire la lole, alikuyesa kuliza injini. Inali zii. Anati, "Alamu, andibera!" Nditasuzumira ndinaona kuti makoswe anadya waya wa sitata. Ndinati, "Alamu, makoswe awa muwaphikire nsima, cifukwa akupulumutsani."

Cherani khutu apa, pakuti ndipo pagona nkhani. Injini yoikidwa padera siipumula monga munthu apumula, imaonongeka pang'ono-pang'ono. Oilo yense atsikira pansi, masilinda auma, cinyezi ca dzinja cilowa, ndipo dzimbiri ligwira mphete za mapisitoni. Mukailiza mwadzidzidzi ndi mphamvu ya batire, mphetezo zithyoka kapena zikanda masilinda, ndipo ndalama zanu zatha m'kamphindi kamodzi. Cimene tinacita ndi ici: tinamasula mapulagi onse, tinathira oilo pang'ono m'silinda iri yonse, ndi kuisiya masiku awiri. Alamu anali kuyenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Tsiku lacitatu ndinaika sipanala pa gudumu la kutsogolo kwa injini, ndi kupotoza ndi manja. Poyamba inakana, kenaka inabvomera, nizungulira yonse popanda kugwira. Pamenepo ndinadziwa kuti mtima wace ngwamoyo.

Oilo wakale tinamtulutsa ndi kumuyang'anitsitsa. Akakhala wakuda, si kanthu. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti madzi analowa m'injini, ndipo musalipire ngwee ina kufikira mutadziwa polowera pace. Wathu anali wakuda. Petulo ndiye anali woipa. Petulo wokhalitsa asanduka utomoni wonunkha ngati vanishi, umene utseka timabowo ta kabureta, ndipo pansi pa thanki padikha madzi ndi dzimbiri. Tinakhuthula yense, tinatsuka thanki, tinamasula kabureta ndi kuiyeretsa, ndipo tinaika sefa yatsopano. Mapaipi a mphira anali olimba ndi ong'aluka, tinawataya onse. M'paipi ina yotulutsa madzi tinapeza mabvu atamangamo nyumba yao ya dothi.

Pali zinthu ziwiri zimene makanika wa galimoto aiwala msanga, ndipo inenso ndinatsala pang'ono kuziiwala. Coyamba, injini ya boti lotere iziziritsidwa ndi madzi ocokera ku mpope womwewo. Mukailiza nthawi yaitali pamtunda popanda kuipatsa madzi, itentha ndi kupsa. Caciwiri, mpweya wa petulo ngwolemera kuposa mpweya umene tipuma. M'galimoto ugwera pansi ndi kuuluzika ndi mphepo, koma m'boti ulibe kotulukira, ungodikha pansi pa injini kuyembekeza kamoto kamodzi. Tsegulani cibvundikiro, nunkhizani, lekani mphepo ipite, ndipo fodya akhale kutali.

Patapita masabata awiri tinalikokera ku mtsinje. Ndinatseka kabowo ka kumbuyo kotulutsira madzi, tinayang'ana ngati pali podontha, ndipo injini inalira pa ulendo wacitatu. Ana a m'mudzi anapfuula, alamu anabvina. Koma nditaonjeza moto, injini inabangula ngati mkango, boti likuyenda ngati kamba.

Bvuto linali mu mpope, m'mene palibe mmodzi wa ife anayang'anamo. Mapiko ace ayenera kuzungulira pafupi kwambiri ndi mphete imene iwazinga, mpata wace wocepa ngati kukhuthala kwa cikhadabo. Koma boti likayenda zaka zambiri m'madzi a mcenga, mcengawo unola mapiko ndi mphete monga mwala unola mpeni. Mpata ukula, madzi abwerera m'mbuyo, ndipo mphamvu yonse itayika. M'wathu munali kulowa msonga ya sikuludiraiva. Boti limene likhoza kuyenda pa mcenga ndi lomwenso lidyedwa ndi mcenga, ndipo ndiganiza kuti ndico cifukwa cace mwini wace analigoneka pansi pa mtengo, ngakhale sananene.

Tsono pitani pa msika wa Kapata mukafunse mapiko a mpope wa jeti, muone mmene adzakuyang'anirani. Mapulagi ndi oilo tinazipeza m'Chipata momwemo, koma mapiko ndi mphete tinazifuna ku Lusaka osazipeza, kufikira tinaitanitsa ku South Africa. Pofika zinthuzo, mvula inali itatha, madzi ataphwa, anthu alikuoloka ndi miyendo. Dzinja lonse limene alamu anawerengera kuti libweza ndalama zao linapita cabe. Mwai wao unali umodzi: theka lija la mtengo anali asanalipire. Tinabwerera kwa mwini wace ndi mapiko akale m'manja, ndipo atawaona anatsitsa mtengo osakangana. Mwa ine ndekha, munthu wa ndalama zocepa ndikadamuuza kuti agule injini wamba yopacika kumbuyo kwa boti, imene zitsulo zace zipezeka msanga. Koma alamu anali atakwatira kale, ndipo nchito yanga inali kusunga banja.

Dzinja lotsatira boti linathamanga bwino, ndipo linatiphunzitsa cina. Boti la jeti likhota potembenuza mlomo wolabvula madzi. Mukacotsa moto, madzi aleka, ndipo ciongolero cisanduka cidole. Tsiku loyamba alamu anaona mvuu ikubvuuka kutsogolo, nacita monga acita woyendetsa galimoto: anacotsa moto napotoza ciongolero. Boti linapita molunjika, mwamwai linadutsa pambali pa mvuu, ndi kukakwera pa mcenga, ife tonse cagada. Luangwa ndi umodzi wa mitsinje ya mvuu zocuruka koposa mu Africa, ndipo ng'ona nazo sizisowa. Tsono masiku ano alamu sanyamuka popanda nkhafi ziwiri, mponda, cingwe, ndi malaya oyandamitsa a munthu ali yense wokwera; ndipo madzi akaphwa, akhuthula petulo yense, acotsa batire, nalisunga m'nyumba, ndi kuika mphaka pafupi ndi boti.

Nthawi yanga yatha. Gonani bwino nonse.