Kujambula Njoka ndi Abuluzi Chapafupi

Pulogalamu ya lero ikufotokoza luso lojambula njoka, abuluzi ndi zokwawa zinzawo chapafupi kwambiri, kotero kuti diso, lilime ndi mamba a pakhungu zioneke pachithunzi bwino kuposa momwe munthu angazionere kutchire. Ojambula amaitcha ntchito imeneyi macro, kutanthauza kuti chinthu chikugwera pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, pa msinkhu wake weniweni, zimene zimalembedwa 1:1. Diso la buluzi la mamilimita 4 limatenganso mamilimita 4 pa sensa, ndipo chithunzicho chikakuzidwa pa kompyuta timizere tonse ta m'disomo timaonekera. Mfundo yoti omvera aigwiritse kuyambira pachiyambi ndi yakuti kuyandikira ndi ntchito ya lenzi, osati ya nkhope ndi manja a wojambula.

Lenzi ya macro ya mamilimita 100, imene ambiri amayambira, imafuna kuti galasi lake lakutsogolo likhale pafupifupi masentimita 15 kuchokera pa nyama kuti ifike pa 1:1, pamene ya mamilimita 180 imalola pafupifupi masentimita 25. Mtunda woterewu ndi wokwanira kwa nalimata wa pakhoma, kwa gulo ndi kwa nanzikambe, koma kwa njoka yaululu ndi kudziika pakamwa pa imfa, chifukwa njoka zambiri zimatha kujompha mpaka pafupifupi theka la kutalika kwa thupi lawo. Mphiri imanyenga kwambiri pamenepa, popeza imagona duu m'masamba ouma mpaka munthu kuganiza kuti ndi yaulesi, chonsecho ili m'gulu la njoka zojompha mwaliwiro kwambiri. Njoka yolavula imene akatswiri amaitcha Naja mossambica, yomwe imapezeka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, imaponya ululu mamita 2 kapena 3 ndipo imalunjika m'maso. Choncho njoka zaululu, pamodzi ndi njoka iliyonse imene wojambula sakuidziwa bwino, zimajambulidwa patali ndi lenzi yokoka ya mamilimita 300 kapena 400, wojambulayo atavala magalasi oteteza maso, ndipo mutu wa njokayo amaukuza pambuyo pake podula chithunzi pa kompyuta. Mafoni ambiri amakono amajambula macro pokhapokha atafika masentimita ochepa chabe kuchokera pa chinthu, motero foni ndi yabwino kwa nanzikambe koma si yoti munthu ailozetse pamphuno pa njoka.

Vuto lalikulu la luso limeneli ndi kuchepa kwa gawo looneka bwino. Kamera ikamayandikira, gawo limene limatuluka lakuthwa pachithunzi, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, limacheperachepera, moti pa 1:1 limakhala lopyapyala ngati ndalama yachitsulo, losafika ndi mamilimita 2 omwe. Wojambula amaliwonjezera pochepetsa kabowo kolowetsa kuwala kamene kamatchedwa aperture, kamene kukula kwake kumalembedwa ndi manambala monga f/8, f/11 ndi f/16, ndipo nambala ikamakwera kabowoko kamachepa. Kupitirira f/16 phindu limayamba kutha, chifukwa kuwala kukamapanikizika pakabowo kakang'ono kwambiri kumamwazika n'kufewetsa chithunzi chonse. Popeza sizingatheke kuti thupi lonse likhale lakuthwa, wojambula amasankha diso loyandikira kamera, pakuti woona chithunzi amakhululuka mchira wosaoneka bwino koma sakhululuka diso lachimbuuzi. Kuima chambali, kotero kuti mutu ndi thupi la buluzi zikhale pa mtunda umodzi kuchokera pa lenzi, kumathandiza kuti mamba ambiri alowe m'gawo lakuthwalo. Ojambula ozolowera sapotozapotoza lenzi akafika pafupi chonchi, koma amaisiya pamalo amodzi n'kumasuntha thupi lawo pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka disolo litawala, atatsamiritsa zigongono pansi kapena kamera pa kathumba ka mchenga. Kugona pansi kotereku kumapereka chithunzi chokoma chifukwa kamera imakhala pa mlingo wa diso la nyamayo, koma n'koyenera kwa zokwawa zopanda ululu zokha, popeza munthu wogona chafufumimba sangathawe msanga.

Kabowo kakachepa kuwala kumachepanso, pamene shutter, kachitseko kotsegukira kuwala, imafunika kutseka msanga, pa 1/250 ya sekondi kapena mofulumira kuposa pamenepo, kuti kunjenjemera kwa manja kusaoneke. Lilime lamphanda, limene njoka imatulutsa potola fungo n'kulipereka ku kachiwalo ka kumwamba kwa m'kamwa mwake, limafuna 1/1000 kapena fulashi. Koma mamba amanyezimira, ndipo fulashi yopanda chotchinga, monganso dzuwa la masana, imasiya timadontho toyera tofafaniza mtundu wa khungu. Chotchinga cha nsalu yoyera yopyapyala kapena pepala loyera, choikidwa patsogolo pa fulashi, chimafewetsa kuwalako, ndipo tsiku la mitambo limachita zomwezo popanda mtengo uliwonse.

Zida zonsezi sizipindula kanthu kwa munthu wosadziwa khalidwe la nyamayo. Zokwawa zimadalira kutentha kwa kunja kuti matupi awo agwire ntchito, n'chifukwa chake m'mawa abuluzi amaothera dzuwa pamiyala ali ofooka ndipo amalola munthu kuwayandikira, pamene masana amangoti zii m'ming'alu munthu asanakweze n'komwe kamera. Gulo wamwamuna, amene mutu wake umabiriwira kwambiri nyengo yokwerana, amazungulira kuseri kwa thunthu la mtengo akaona munthu, koma wojambula akakhala phee osamutsatira, iye amasuzumiranso yekha n'kuyamba kugwedeza mutu. Njoka ilibe zikope, diso lake limakutidwa ndi kakhungu koonekera, ndipo kakhunguko kakachita mtambo wobiriwira ndiye kuti njokayo yatsala pang'ono kufundula, ikuona movutikira ndipo siichedwa kupsa mtima, choncho imafunika kuitalikira koposa. Nalikukuti, amene amauma njo pa nthambi ndipo mwanadiso wake ndi wopingasa mokopa ojambula, ali ndi ululu wolepheretsa magazi kuundana, ndipo mankhwala ake enieni olimbana ndi ululuwo kulibe.

Ananzikambe amapezeka mosavuta usiku ndi tochi, chifukwa akagona kunsonga kwa timitengo khungu lawo limayezuka n'kusiyana ndi masamba. Ndi njira imeneyi akatswiri, motsogozedwa ndi Krystal Tolley wa ku South Africa, anapezanso m'chaka cha 2016 nanzikambe wamng'ono wotchedwa Rhampholeon chapmanorum m'timagawo totsala ta nkhalango ya Malawi Hills ku Nsanje. Kanyamaka, kotalika pafupifupi masentimita 6, kanalembedwa koyamba ndi Colin Tilbury mu 1992, ndipo ambiri ankaopa kuti kanatha chifukwa mbali yaikulu ya nkhalangoyo inadulidwa. Apa m'pamene chithunzi chimasanduka umboni. Chithunzi chosonyeza mutu chapamwamba ndi chambali, thupi lonse, tsiku ndi malo, chikaikidwa pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, chimathandiza akatswiri kudziwa kumene mtundu uliwonse ukupezeka, ngakhale kuti malo enieni a nyama zosowa sayenera kulengezedwa poyera, poopa anthu ozigwira kukagulitsa kunja.

Pali zizolowezi zimene wojambula wodzilemekeza ayenera kuzikana. Ena amaika buluzi kapena njoka mu fuliji kuti ifooke n'kukhala malo amodzi, nkhanza imene ingaphe nyamayo ndiponso imatulutsa chithunzi chabodza, cha nyama yolefuka imene wodziwa amaizindikira msanga. Kugwira nalimata kumamudulitsa mchira, umene ndi nkhokwe yake ya mafuta ndipo umatenga nthawi kuti uphukenso. Mwala kapena chipika chimene chatembenuzidwa pofufuza chiyenera kubwezedwa momwe chinalili, ndipo fulashi isamenye nyama yausiku kambirimbiri. M'malo otetezedwa monga Liwonde, Majete ndi Lengwe, mlendo amatsatira malamulo a pakiyo pa za kutsika m'galimoto, ndipo kugwira nyama kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire.

Wojambula njoka asapite yekha, ndipo adziwiretu chipatala chapafupi ndi njira yokafikira kumeneko. Ululu ukalowa m'maso, amatsukidwa nthawi yomweyo ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zingapo, osatikita, kenako munthuyo n'kupita kuchipatala. Wolumidwa asatemedwe mphini pabalapo, asayamwidwe ululu, ndipo asamangidwe chingwe chothina, koma avulidwe mphete ndi wotchi, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe mwachangu. Ngati chithunzi cha njokayo chinajambulidwa kale, chionetsedwe kwa achipatala chifukwa chingawathandize kusankha chithandizo, koma pasapezeke wobwerera kukaisakanso njokayo kuti aijambule bwino.